Zithunzi za Queen zimene munajambula muli mtsikana: musazikonze, musazitaye

Funso: Ndine mayi wa zaka 47, ndimakhala ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ndipo ntchito imene imandidyetsa ndi yojambula. Mwezi watha amayi ananditulutsira sutikesi yawo yakale, ndipo m'katimo ndinapeza zithunzi 23 zimene ndinajambula pakati pa 1991 ndi 1993 ndili ku sekondale. Zonse ndi za gulu loimba la Queen. Ndinkaonera pa makaseti a achimwene ndi pa tizidutswa ta magazini. Mnzanga amene akundikonzera chionetsero chaka chamawa akufuna kuti ziikidwe nawo pakhoma, koma ine zikundichititsa manyazi. Manja ndi opindika, nkhope sizikufanana ndi eni ake, mapepala afiira, ena ali ndi selotepi. Kodi ndizikonze pang'ono, ndizijambulenso, kapena ndingozitaya? Nanga ndingathe kusindikiza makope n'kumagulitsa? Ndakutumizirani zisanu pa foni pamodzi ndi ntchito zanga zatsopano. Ndine wojambula wa ku Mufakose.

Yankho: Achemwali, zikomo pondikhulupirira ndi zithunzi zimenezi. Ndakhala nazo masiku atatu, kumazikuza ndi zala pa foni mpaka maso kuwawa. Mawu oyamba ndi awa, ndipo ngakhale musawerenge ena onse, awa okha muwagwire: musaikepo pensulo, musaikepo labala, ndipo moto usaziyandikire.

Ndikulankhula mwamphamvu chonchi chifukwa zimene mukuganizazo ine ndinazichita. Ndinakulira ku Highfield, konkuno ku Harare. Bambo anga anachokera ku Dedza, anagwira ntchito m'tauni muno mpaka kupuma. M'zaka za m'ma 1970 anyamatafe tinali titapenga ndi magitala olira mwaukali, ndipo gulu limene linandilowa m'magazi linali Wells Fargo, anyamata a ku Bulawayo amene pa ng'oma pankakhala Ebba Chitambo. Boma la azungu la Ian Smith, limene linkalamulira dziko lino nthawi imeneyo, silinkawaona bwino, ndipo zimenezo zinangotithira mafuta. Ndinawaona ndi maso kamodzi kokha, ndili kumbuyo kwenikweni kwa chikhamu, nditaponda pa njerwa ziwiri. Chithunzi chawo ndinalibe. Choncho ndinkawajambula kuchokera m'mutu, ndi makala a pa mbaula, pa mapepala a khaki a matumba a simenti amene ndinkatola pomwe anthu ankamanga. Thumba lija limakhala ndi masamba angapo. Ndinkasankha lapakati, losadetsedwa, kulikutumula, n'kuligonera pansi pa mphasa usiku wonse kuti liwongoke. Zithunzi zinachuluka mpaka kudzaza katoni.

Nditayamba kuphunzira luso kwa akatswiri, mphunzitsi wina anaziona n'kunena kuti zimenezi ndi zongotengera, si luso ayi. Ndinali ndi zaka 22. Madzulo a tsiku lomwelo ndinaziponya mumgolo umene amayi ankatentheramo zinyalala. Chinapulumuka chimodzi chokha, chifukwa mlongo wanga anali atakutira nacho kope lake la masamu. Ndikadali nacho, chili ndi mizere inayi ya mopinda ndi dzina lake kumbuyo.

Zaka zambiri ndinkachiona ngati umboni wa umbuli wanga. Tsiku lina, imvi zili kale mbuu, ndinachiyala patebulo n'kuchiyang'ana modekha. Woimba ng'oma uja sanakhale pa mpando monga amakhalira a rock. Wawerama, ng'oma ili pakati pa miyendo, zigongono zatulukira kunja. Amagitala apinda mawondo, mapazi awo akutifula fumbi. Ine ndinkati ndikujambula Wells Fargo, pomwe matupi aja ndinawatenga ku bwalo la gule wamkulu kumene bambo ankapita nane Lamlungu masana, gule uja anzathu a Chishona amamutcha zvigure. Zonse zimene ndajambula zaka 40 zotsatira, anthu ovina, fumbi, mawondo opinda, zinali kale pa thumba la simenti lija. Zinzake zikanakhalapo ndikanaona mmene dzanja langa linayendera mwezi ndi mwezi. Ndimazilirabe.

Tsopano tibwere ku zanu, poti ndi zimene mwafunsa.

Zimene mukuzitcha zolakwika ndaziona, ndipo sindikunamizani kuti palibe. Maso mwawakweza kwambiri, pafupi ndi tsitsi, pomwe pa munthu weniweni maso amakhala cha pakatikati pa mutu, kuyeza kuchokera pachibwano mpaka paliwombo. Manja ndi aang'ono, pomwe chikhatho ndi zala zake chimaphimba pafupifupi nkhope yonse. Timizere ta pa khosi la gitala mwatitalikanitsa mofanana, pomwe timanka tiyandikirana tikamayandikira thupi la gitala, ndipo ka nambala 12 kamakhala pakati penipeni pa nsambo. Pa chithunzi china manja a Freddie Mercury, woimba wamkulu wa gululo, mwawabisa kumbuyo, pa china mwawaphimba ndi mbendera. Zimenezi amachita mwana aliyense wa zaka 13 kapena 14 padziko lonse. Pa msinkhu umenewo munthu amajambula zimene akudziwa, osati zimene akuona. Amadziwa kuti nkhope ndiyo yofunika, ndiye amaipatsa malo onse, chipumi ndi mutu n'kuzipanikiza. Pa msinkhu womwewo ndi pamene ana ambiri amasiyira kujambula, chifukwa diso layamba kuona kuti sizikufanana koma dzanja silinafikepo. Anzanu ambiri a m'kalasi anaima pamenepo. Inu munapitirira, ndipo chimene chinakuwolotsani ndi anyamata anayi a ku London amene simunawaonepo. Munabwerera ku gulu limodzimodzilo maulendo 23 popanda wokutumani, popanda wokuchongerani. Palibe mphunzitsi amene akanakukhazikani pansi nthawi yaitali chomwecho.

Kumbukiraninso chimene munkaonera. Chikuto cha kaseti ndi kapepala ka masentimita pafupifupi 10 m'litali ndi 6 m'lifupi. Anthu anayi akakhalapo, nkhope iliyonse imakhala ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Ngati kaseti ya achimwene inali yojambulitsa, chikuto chake cha pa fotokope, ndiye kuti theka la nkhope linali banga lakuda basi. Inu munkakuza chikhadabo chimenecho kuti chidzaze tsamba la kope. Pomwe kaseti sinakuuzeni kanthu, munkadzazamo nokha. Ndipo pamene munadzaza nokhapo ndi pamene ndikufuna muyang'ane.

Tengani chija cha chizindikiro cha gululo. Chizindikiro chenichenicho chili ndi mikango iwiri itagwira chilembo cha Q, nkhanu pamwamba pake, tiakazi tiwiri ta mapiko m'munsi, ndi chimbalame chotuluka m'moto chitatambasula mapiko pamwamba pa zonse. Chinali pa chikuto cha chimbale chawo cha nyimbo zotchuka chimene chinatuluka mu October 1991, ndipo ndikuganiza kuti ndi pomwepo munachiona. Mikango yanu mwailondola bwino. Koma mbalame yanu si imene ili pa kaseti. Yanu yaima chowongoka, yayang'ana kumbali, mlomo wokhota, miyendo yonenepa ngati ya munthu. Imeneyo ndi mbalame ya mwala ya ku Great Zimbabwe, imene inali pa ndalama zachitsulo zimene munkagulira maputi pa geti la sukulu. Mbalame ya m'nthano za azungu simunkaidziwa, ndiye dzanja linatenga imene inali m'thumba la yunifolomu. Mukakonza chithunzi chimenechi kuti chifanane ndi cha pa kaseti, mudzafufuta chinthu chokhacho chimene palibe munthu wina padziko akanachijambula.

Chachiwiri ndi tsitsi la Brian May, woimba gitala wa gululo. Nkhope yake munaithamangira, mwina mphindi khumi zokha. Koma tsitsi munalikhalira pansi. Ndi bolopeni ya buluu, ndikukhulupirira Eversharp imene tonse tinkalembera, mwazunguliza timizere tating'onoting'ono, kena pamwamba pa kanzake, mpaka pepala kulowa m'kati ngati mbale. Pena mwasiya mpata kuti kuwala kulowe, pena mwadetsa bii. Ndiye ndatsegula ntchito zanu zatsopano zija, za amayi olukana tsitsi pakhonde ndi pansi pa mtengo wa mapeyala. Achemwali, ndi dzanja lomwelo. Kuzunguliza komweko, kusiya mpata komweko, kuthamangira nkhope n'kukakhazikika pa tsitsi komweko. Munthu amene adzaime pa chionetsero chanu n'kuona ziwirizi zitayandikana sadzafuna womufotokozera. Mnzanuyo waona bwino. Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo, ndipo zithunzi za mu sutikesizi ndi mayi wa zonse zimene mukugulitsa lero.

Za mawu akuti kutengera si luso, amene ine anandiwotchetsa katoni yathunthu, ndili ndi zonena. Freddie Mercury, amene anabadwira ku Zanzibar mu 1946 dzina lake lili Farrokh Bulsara, asanakhale woimba wodziwika anaphunzira zojambula ku Ealing Art College ku London, n'kumaliza mu 1969. Ali kumeneko ankakonda Jimi Hendrix koopsa, ndipo ankamujambula mobwerezabwereza. Chizindikiro chija munkavutika nachochi anachijambula ndi iyeyo, potengera nyenyezi za miyezi imene anayiwo anabadwa: mikango ndi ya Roger Taylor ndi John Deacon, nkhanu ndi ya Brian May, tiakazi tija ndi ta iye mwini. Ndiye kuti mtsikana wa ku Mufakose ankajambula munthu amene nayenso anayamba n'kujambula woimba wa pamtima pake. Ndipo kwathu komwe zimenezi si zachilendo. Ndilankhula mosamala poti ndi za kudambwe, koma ku Brooklyn Museum ku New York kukusungidwa nkhope ya chilombo cha Achewa ya cha m'ma 1977, imene ndi Elvis Presley, tsitsi lake lija ndi ndevu za m'masaya. Amene anaipangayo sanaipangire chikondi chokha, chifukwa gule amadzudzula ndi kulangiza, koma anayang'anitsitsa woimba wa rock wakutali n'kumulowetsa m'bwalo la kwawo. Mukadzapita kumudzi mudzapatukire ku Mua, ku Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, mukaone mmene alendo a mitundu yonse analowera mu gule. Sitinayambe lero kutenga nkhope ya mlendo n'kuiveka zathu.

Pali nkhani ina imene sindingaidumphe, ngakhale simunaifunse. Mu October 1984 gulu la Queen linakaimba ku Sun City, nthawi imene oimba a padziko lonse ankapemphedwa kuti asaponde ku South Africa chifukwa cha tsankho. Bungwe la oimba la ku Britain linawalipiritsa chindapusa, ndipo dzina lawo linalowa pa mndandanda wa United Nations wa ophwanya chiletsocho. Ife a msinkhu wanga zinatipweteka, ndipo ine ndinatha zaka ndisakufuna kumva mawu awo. Pa chionetsero chanu padzabwera mdala wina amene adzakufunseni zimenezi. Musadzachite naye mantha, ndipo musadzawaikire kumbuyo. Inu mu 1984 munali mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri. Chimene chili pakhoma si mbiri ya Queen. Ndi mbiri ya mtsikana wa kwathu amene, nthawi imene nyumba iliyonse mu Mufakose inkalira Leonard Dembo ndi Khiama Boys, chilala cha 1992 chili pakhomo, ankadzitsekera kuchipinda ndi wailesi ya achimwene n'kumamvera zimene anzake ankaziti za azungu. Nkhani imeneyo ndi yanu, ndipo ndi yokoma kuposa ya gululo.

Tsono kasungidwe, pakuti pamenepa ndi pomwe anthu amawonongera ndi mtima wabwino.

Mapepala afiira chifukwa cha mmene anapangidwira. Pepala la kope la kusukulu ndi la mitengo yopera, ndipo limatsala ndi zinthu za mumtengo zimene zikakumana ndi mpweya ndi kuwala zimasanduka asidi. Asidiyo ndi amene amalifiiritsa, kenako n'kuliumitsa mpaka kumathetheka m'mbali ngati tsamba la fodya. Kufiirako sikubwerera. Musayese jiki, musayese mandimu, musaliyanike padzuwa. Chimene mungathe ndi kuchedwetsa. Amayi anu, mwina osadziwa, anachita chinthu chachikulu kwambiri: anazisunga mumdima. Ndi chifukwa chake buluu wa bolopeni akadali wowala. Inki ya bolopeni ndi ya zolembera zamitundu zija ndi utoto umene kuwala kumaudya, ndipo chithunzi chimene chapirira zaka 30 mu sutikesi chikhoza kuzilala m'chaka chimodzi chitapachikidwa moyang'anana ndi windo. Pensulo ndiyo siopa kuwala, koma imafufutika ikakhudzana ndi chala kapena pepala linzake.

Zitulutseni mu sutikesimo ndi manja osamba ndi sopo, ouma bwino, osadzola mafuta. Chotsani timawaya ndi mapini onse, poti dzimbiri limadya pepala. Kawaya musakazule mokoka: katembenuzeni pepala, wongolani timiyendo take ndi kampeni kobuntha, kenako kakwezeni pang'onopang'ono. Tizidutswa ta magazini ndi nyuzipepala timene munkaonera musatitaye, ndi gawo la nkhaniyi, koma tikhale mu envulopu yakeyake chifukwa asidi wake amalowerera ku pepala loyandikana nalo. Zithunzi zigone chafulati, chilichonse chitalekanitsidwa ndi chinzake ndi pepala loyera lopanda asidi, limene mumalipeza m'masitolo a zipangizo za ojambula. Zopindika musazisite. Ziyaleni, ikanipo pepala loyera, pamwamba buku lolemera, zikhale masabata awiri.

Selotepi isiyeni. Ndikudziwa kuti imanyansa, yasanduka yachikasu ndipo yasiya banga lamafuta, koma mukaikoka idzabwera ndi khungu la pepala ndi inki yomwe. Imene yauma n'kugwa yokha, yagwa. Imene ikadamata, pitani nayo kwa odziwa. Ku National Archives of Zimbabwe ndi ku National Gallery of Zimbabwe kuli anthu amene ntchito yawo ndi kusamala mapepala ndi zithunzi zakale. Afunseni musanayese mankhwala alionse. Ndipo chonde, chonde, musapite nazo kokalamineta. Anthu athu amakonda kulamineta chilichonse chimene akuchiona chofunika, koma makina aja amawotcha pulasitiki ndi guluu n'kuzilowetsa m'pepala, ndipo sizidzachokanso. Mankhwala opopera tsitsi, amene ena amapopera pa zojambula za pensulo kuti zisafufutike, nawonso amafiiritsa pepala pakapita zaka.

Mdani wamkulu kuno ndi dzinja. Kuyambira November mpaka March chinyezi chimalowa paliponse, ndipo chikakumana ndi kutentha kwa pansi pa denga chimabala chuku ndi timadontho tofiira tija timamera pa mapepala akale. Bokosi losungiramo zithunzizi lisakhale pansi pa simenti, lisatsamire khoma lakunja, lisakhale pamwamba pa wadiropu pafupi ndi denga, ndipo lisayandikire kukhitchini. Shelefu yapakati m'chipinda chimene mumagona ndi malo abwino, chifukwa pomwe munthu akupeza bwino, pepala nalo limapeza bwino. Ikanimo timatumba ta silica tija timabwera m'mabokosi a nsapato, koma tisakhudze zithunzi. Pakatha miyezi itatu iliyonse tsegulani, nunkhizani, yang'anani m'makona ngati mwalowa njenjete, mphemvu kapena chiswe. Ine chiswe chinandidyerapo ntchito ya chaka chonse m'masabata atatu amene ndinapita kumaliro ku Dedza, katoni ili bwinobwino kunja, m'kati dothi lokhalokha.

Musanachite china chilichonse, zipangeni sikani. Pemphani 600 dpi (muyeso wa kuoneka bwino kwa sikani), zamitundu ngakhale chithunzi chili cha pensulo yokha, ndipo fayilo ikhale ya TIFF osati JPEG yokha. Muchite mbali zonse ziwiri. Pa chimodzi mwa zisanu zija ndaona masamu akuonekera kuchokera kumbuyo, ndi tsiku lolembedwa pakona. Kumbuyoko ndi kumene kudzakuthandizeni kudziwa kuti choyamba ndi chiti, chomaliza ndi chiti. Mafayilo akhale malo atatu: pa kompyuta, pa fulashi imene ikukhala nyumba ina, ndi pa intaneti. Mukazitumizirana pa WhatsApp mwachizolowezi zimachepetsedwa, ndiye zitumizeni ngati dokyumenti.

Pa chionetsero, ine ndikanakhala inu sindikanaika zonse 23. Ndikanasankha zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri, cha mbalame ndi cha tsitsi zisasowepo, komanso chimodzi mwa zija zimakuchititsani manyazi kwambiri, cha manja obisika. Popanda chimenecho anthu adzaganiza kuti munabadwa mukudziwa, ndipo mwana wa sukulu amene adzabwere kudzaona adzabwerera kwawo atagwa ulesi. Zikhale pakhoma limene dzuwa silifika. Osunga zakale amalangiza kuti zojambula za papepala ziunikidwe ndi kuwala kosapitirira 50 lux, komwe ndi kuwala kochepa ndithu, ngati kwa m'chipinda madzulo, ndipo zisakhale pakhoma kupitirira miyezi itatu. Uzani wopanga mafelemu kuti pepala lisagunde galasi, pakhale katoni yopanda asidi pakati, ndipo asamate chithunzi ndi guluu kapena tepi, achigwire ndi timakona ta pepala. Asadulenso m'mbali pofuna kuwongola. Mabowo a pomwe munang'amba tsamba m'kope, mzere wofiira wa m'mphepete, banga la tiyi, zonsezo zioneke. Ngati malo a chionetsero ndi owala kwambiri, pachikani makope osindikiza pa saizi yake yeniyeni, zenizenizo zikhale m'bokosi lagalasi lovundikira ndi nsalu imene munthu azivundukula akafuna kuona. Mawu a pansi pa chithunzi akhale achidule: chaka, msinkhu wanu, chimene munajambulira, chimene munaonera. Musalembepo mawu opepesa.

Zogulitsa makope ndiye ndikuti dekhani. Ine si loya, koma ntchitoyi yandiphunzitsa pomwe pali minga. Kujambula woimba kunyumba kwanu, kusunga, ngakhale kuonetsa ngati gawo la mbiri ya ntchito yanu, kawirikawiri sikuutsa mlandu. Kusindikiza mazana n'kumagulitsa, kapena kuika pa malaya ndi makapu, ndi nkhani ina. Chithunzi cha kamera chimene munaonera chili ndi mwini wake. Mwachitsanzo, chija cha anayiwo atavala zakuda pa chimbale chawo cha 1981 anajambula ndi Lord Snowdon. Chizindikiro cha mikango ndi dzina la gululo ndi katundu wa malonda wolembetsedwa, ndipo eni ake amamulondera. Kuno lamulo lake ndi Copyright and Neighbouring Rights Act, Chapter 26:05, ndipo limateteza ntchito zaka 50, zina kuwerengera kuchokera pa imfa ya mwini, zina kuchokera pamene zinatulutsidwa. Freddie anamwalira pa 24 November 1991, ndiye werengani nokha. Mukagulitsa pa intaneti katundu wanu amafika kumaiko monga Britain kumene zaka zake ndi 70. Musaganizenso kuti kusintha mitundu kapena kalembedwe kumakupulumutsani. Mu May 2023 khoti lalikulu la ku America linagamula mokomera Lynn Goldsmith, amene anajambula woimba Prince ndi kamera mu 1981, pa mlandu wokhudza chithunzi chimene katswiri wotchuka wa zojambula Andy Warhol anapanga potengera chakecho. Lamulo la ku America si lathu, koma ngati dzina la Warhol silinathe kutchinga, la inu ndi ine silingatchinge. Mukafunitsitsa kugulitsa, kaonaneni ndi loya wa nkhani zimenezi, mutatenga chithunzi chanu ndi chimene munaonera, aziike pamodzi.

Ndipo zenizenizo musagulitse, ngakhale wina atabwera ndi madola ooneka. Ntchito zatsopano mukhoza kupanga zina. Za mtsikana wa zaka 14 uja zilipo 23 basi.

Mwafunsanso za kujambulanso. Jambulani, koma pa pepala latsopano, ndipo musajambule n'cholinga choonetsa kuti tsopano mwadziwa manja. Zimenezo aliyense akudziwa kale, ndipo zithunzi zoyerekeza zakale ndi zatsopano zimangonyoza mwana amene sangadziyankhire. Ngati mtima ukukukokani, jambulani chimene kaseti sinaonetse: chipinda chija, wailesi ili pawindo, bolopeni yolowetsa m'bowo la kaseti pobweza tepi kuti mabatire asathe, mtsikana atagona chafufumimba pa simenti, kope lili kutsogolo, amayi akuitana kukhitchini. Gitala ya Brian May, imene iye ndi bambo ake anayamba kupanga pamanja mu 1963 ndi matabwa akale a pamalo owothera moto m'nyumba, mukhoza kuiika pakhoma la chipindacho mmene munkaijambulira kale, yopindika momwemo. Ntchito yotero ndi yanu kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo mukhoza kuigulitsa mtima uli m'malo.

Chomaliza chimene ndikupempha chisadikire chionetsero. Amayi anu anasunga mapepala amenewa zaka zoposa 30, m'sutikesi imene anthu a msinkhu wawo amasungamo ziphaso, makadi a kuchipatala, makalata a kumudzi ndi nsalu ya tsiku lomaliza. Ana ambiri zojambula zawo zinayatsira mbaula. Pitani Loweruka likubwerali, muwagulire shuga ndi buledi, muyale zonse 23 pamphasa, muike foni pambali izijambula mawu. Afunseni kuti ankaganiza chiyani pokuonani mukujambula azungu a tsitsi lalitali, chifukwa chiyani sanazitaye, ndi chiti chimene amachikonda. Aitaneninso achimwene aja eni makaseti ngati ali pafupi, adzakukumbutsani kaseti imene inayamba kufika ndi kumene anaigula. Zimene adzanene zilembeni pa pepala lina, ndipo kumbuyo kwa chithunzi chilichonse ikani nambala yokha, pakona yam'munsi, ndi pensulo yofewa ya 2B, osasindikiza dzanja. Mukatha munditumizire 18 zotsalazo, ndikufuna ndione ngati mbalame ija inabweranso.